Makina Osemera a Mkulu wa ku Chelstone: Asunge Kapena Abweze?

Mkulu wina wa ku Chelstone, mu mzinda wa Lusaka, amene anapuma pa nchito ya uphunzitsi, wakhala milungu itatu osaona tulo tabwino cifukwa ca makina osemera mitengo amene ali m'kanyumba kuseri kwa nyumba yace. Popeza mkuluyo ndi mlamu wanga, anandiitana kuti ndikaone ndi maso, ndipo ndaganiza kuti nkhaniyi ifike kwa inu owerenga athu a ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi, pakuti ana anu a m'tauni ayamba kukutumizirani makina a mitundumitundu, ena osokera, ena operera, ena otungira madzi.

Anawagula ndi gawo la ndalama za penshoni pa sitolo ina ya pakati pa mzinda. Sanafune malonda ai. Anafuna cabe cocita ndi manja pa ukalamba, monga kusema maina a adzukulu pa matabwa ndi tizikwangwani ta pa khomo. Makina amenewa ali ndi kamota kozunguza kacitsulo kakuthwa, ndipo kompyuta ndiyo imalamula kuti kacitsuloko kapite kutsogolo, kumbali kapena pansi. Kwa miyezi khumi anayenda bwino, mwakuti alendo sanali kucoka pakhomopo asanaonetsedwe. Kenaka anayamba kuima nchito iri pakati, nthawi zina kusocera ndi kudula mzere pamene sipayenera. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pogula anapatsidwa kalata ya cipangano, imene a m'masitolo amaicha waranti, yolonjeza kuti makina akafa mwa iwo okha miyezi 12 isanathe, adzakonzedwa kapena kusinthidwa popanda malipiro. Pa miyezi imeneyo kwatsala mwezi umodzi ndi theka. Apa ndi pamene pagona bvuto. Mnyamata wina wa ku Kabwata wodziwa za mawaya walonjeza kuti angathe kuwatsegula ndi kuwakonza tsiku limodzi pa mtengo wocepa. A kusitolo anena kuti akawalandira adzayamba awayesa, ndipo ngati citsulo cofunika ciri kunja kwa dziko, mwini ayembekeze. Munthu amene wazolowera kumva phokoso la makina ace m'mawa uli wonse safuna kumva mau akuti "yembekezani".

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kuwerenga kalatayo mzere ndi mzere, makamaka timalemba tating'ono ta pansi timene anthu ambiri amatidumpha. Makalata otere amafanana. Salipira zitsulo zimene zimatha ndi nchito, monga tizitsulo tosemera ndi malamba. Salipira ngati mwini wagwiritsa makina nchito yoposa mphamvu yace. Ndipo cacikuru pa zonse, cipangano cimafa pomwepo munthu wosabvomerezedwa ndi eni ace akangomasula bokosi la mawaya. Mnyamata wa ku Kabwata angakhale ndi luso lotani, akalephera, mlamu wanga adzatsala ndi citsulo cakufa ndi pepala lopanda nchito.

Tsono tinafunsana kuti kodi colakwa n'ca makina kapena n'ca mwini. Fumbi la matabwa limalowa m'njanji zimene mota imayendamo, ndipo likaunjikana makina amasocera. Tinapukuta, tinathira mafuta, koma bvuto silinathe. Tinakamba za mitengo. Timakina ta panyumba timakondwa ndi paini ndi matabwa ena ofewa, pamene muwanga ndi phingo zimabunthitsa ngakhale nkhwangwa. Mlamu wanga analumbira kuti sanapitirire mlombwa, umene anzathu a m'tauni amaucha mukwa. Catsala ndi magetsi. Kuno kwathu magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo makina opangidwira ku America amafuna 120, koma ace ndi oyenera kuno. Komabe m'caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba, nyumba za mu Lusaka zinali kukhala maola ambiri tsiku liri lonse popanda magetsi, ndipo anthu anaphunzira kuti magetsi akabwera mwadzidzidzi amaocha zipangizo. Masitolo nao amadziwa zimenezi, ndipo ndico cinthu coyamba cimene amanamizira. Mwamwai iye anagula kabokosi kochinjiriza pa tsiku lomwelo, ndipo kanalembedwa pa lisiti limodzimodzilo.

Lamulo la dziko liri kumbali ya wogula kuposa m'mene ambiri aganizira. Lamulo la mpikisano wa malonda ndi citetezo ca ogula la m'caka ca 2010 liletsa kugulitsa katundu wopunduka kapena wosagwira nchito imene anagulidwira, ndipo linena kuti wogulitsa abweze ndalama kapena apereke katundu wina wabwino. Liletsanso zikwangwani zija zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Wogulitsa akakana, dandaulo lipita ku bungwe la boma la CCPC, limene liri ndi likulu lace mu Lusaka. Koma bungwelo lidzafuna kuona lisiti, ndipo ine ndaona anthu ambiri akukulungira fodya pa lisiti la cinthu ca ndalama zambiri.

Pa Ciweru tinapita ku mudzi wa zamwambo wa Kabwata, pa mseu wa Burma, kumene kuli nyumba zozungulira za udzu zimene zinatsala pa zija boma la atsamunda linamangira anchito acikuda. M'caka ca 1974 malowo anasanduka a anthu a luso, ndipo amisiri amasema njobvu, mvuu, ng'oma ndi mipando ndi kasemasema, sompho ndi mpeni, monga m'mene agogo anu amasemera mtondo ndi mpini. Zosema zotere ndizo azungu ndi anthu a ku Woodlands ndi Kabulonga amagula. Mlamu wanga anaima nthawi yaitali kupenyerera mmisiri wina akutulutsa khutu la njobvu pa cipika ca mlombwa, magetsi kulibe, waranti kulibe. Sindikunyoza makina. Zilembo zoongoka zimene iwo amasema pa ola limodzi, dzanja lingatenge masiku awiri. Koma paja iye anagula makinawo kuti manja apeze cocita, ndipo manjawo akali nao.

Pobwerera m'basi anati wamanga mfundo. Mnyamata uja sadzakhudza makinawo. Pa Lolemba adzawaika m'bokosi lao lomwe anadza nalo, pamodzi ndi thabwa limodzi lodulidwa mokhota monga umboni. Lisiti ndi kalata adzazijambulitsa, zenizeni zidzatsala kunyumba, ndipo sadzacoka m'sitolomo asanapatsidwe pepala losainidwa, lonena tsiku limene makina alandiridwa ndi bvuto lace. Wandipempha kuti ndikapita kumudzi ku Katete mwezi wamawa ndikamfunire kasemasema kwa wosula zitsulo, kakhale ka mpini waufupi.