Mmene Odziwa Amatifotokozera Poizoni Wosaoneka wa m'Nshawa

Abale ndi alongo a ku Zemba ndi m'midzi yozungulira Chadiza, lero tilingalire za luso lofotokoza zinthu zozama m'mawu amene agogo angamve. Chitsanzo chathu tichitenge m'nkhokwe.

Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitadya chakudya chokhala ndi nshawa zochokera ku Brazil. Asayansi anapeza kuti chuku china, chotchedwa Aspergillus flavus, chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, angayambitse khansa, ndipo kuphika sikumuthetsa. Mu 2024 boma lathu linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu.

Vuto ndi lakuti asayansi amamuyeza m'magawo a biliyoni. Maiko a European Union amalola magawo 4 okha pa biliyoni m'nshawa zodya anthu. Ndani wa ife anaonapo biliyoni?

Apa mpamene wolemba waluso amaonekera. Amasandutsa nambala kukhala chinthu chimene tachinyamulapo. Maso a chimanga okwana biliyoni angadzaze matumba pafupifupi 6,000 a makilogalamu 50. Malire aja ali ngati maso anayi okha m'matumba onsewo. Mukamva choncho, mwazindikira kuti pang'ono pokha pakwanira kuvulaza.

Chachiwiri, wolemba woona mtima amanena pamene fanizo lake lathera. Diso la chimanga mungalitole ndi dzanja, koma poizoniyu saoneka. Nshawa yooneka bwino ingakhale naye, ngakhale kuti zofota, zosweka ndi zachuku ndizo zimakhala naye wambiri.

Chachitatu, amatisiyira chochita. Chuku chimakonda chinyezi ndi kutentha. Chotero nshawa ziume bwino, osati pa dothi. Tisamazithire madzi kuti makoko afewe potongola. Zofota ndi zachuku tizitaye, tisazisinje kukhala nsinjiro ya phala la ana pamene zabwino tapita nazo ku msika.

Mukamva alangizi a zaulimi pa wailesi, kapena mukawerenga kapepala ka ku chipatala, funsani zitatu izi: andipatsa fanizo lotani, fanizolo lathera pati, ndipo ndichite chiyani mawa m'mawa? Mukamvetsa, kafotokozereni mnansi amene sadziwa kuwerenga, pakuti ana ake amadya m'nkhokwe yofanana ndi yanu.