Chamba ndi pakati: funso lomwe timalidumpha ku sikelo

Ku sikelo timayeza magazi, BP ndi kukula kwa mimba, koma za chamba sitifunsa kawirikawiri. Komatu malangizo a bungwe la WHO a 2014 amati mayi woyembekezera aliyense azifunsidwa za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo nthawi iliyonse akabwera.

Chifukwa chake n'chakuti THC, chinthu choledzeretsa cha m'chamba, imadutsa m'nsengwa n'kufika kwa mwana, ndipo imapezekanso mu mkaka wa m'mawere. Kafukufuku akusonyeza kuti amayi osuta chamba ali pachiopsezo chobereka mwana wosakwana makilogalamu 2.5.

Osuta ambiri sayamba okha. Chiopsezo chimakula ngati bambo a pakhomo amasuta, ngati mayiyo amamenyedwa kapena akuvutika maganizo, komanso ngati amasuta kale fodya kapena kumwa mowa. Ena amasuta pofuna kuthetsa mseru wa miyezi yoyambirira, poganiza kuti ndi zitsamba chabe.

Ine ndimaona kuti vuto lathu lalikulu ndi kafunsidwe. Mukati “Simusuta chamba, eti?” apongozi ali pomwepo, yankho mukulidziwa kale. Afunseni mayiwo ali okha, muyambe ndi za fodya ndi mowa, kenako mufunse ngati kunyumba kuli amene amasuta.