A Mutombo, Cimphona ca Mpira Cimene Cinamanga Cipatala

Anthu a ku Kaumbwe amaudziwa bwino mpira wa miyendo, ndiponso netibolo imene atsikana amasewera pa sukulu. Koma ulipo mpira wina wofananako ndi netibolo, wochedwa basketball. Amasewera anthu asanu mbali iliyonse, ndipo cigoli ndico kuponya mpira m'mkombero wopacikidwa mamita atatu m'mwamba. Ku America mpira umenewu ndi nchito ya malipiro akulu, ndipo mmodzi wa anthu amene anachuka nao anali mnansi wathu wa ku Congo, dziko limene kale tinali kulicha Zaire. Dzina lao ndi a Dikembe Mutombo.

A Mutombo anabadwira ku Kinshasa pa 25 June, 1966. Mu 1987 anapita ku yunivesite ya Georgetown ku America ndi colinga cakuti akaphunzire udokotala. Kumeneko mphunzitsi wa mpira, a John Thompson, ataona msinkhu wao wa mamita 2.18, anawaitanira m'bwalo. Udokotala unalekeka, komabe sukulu sanaitaye: anatsiriza maphunziro a zilankhulo ndi ukazembe mu 1991, ndipo caka comweco timu ya Denver Nuggets inawalemba nchito.

Luso lao silinali kumwetsa zigoli, koma kuchinga. Mdani akadumpha kuti aponye, dzanja la a Mutombo linali kuubweza mpira usanafike pa mkombero, kenaka iwo nkugwedeza cala monga kholo loletsa mwana kuba nsawawa pa nkhokwe. M'zaka 18 anachinga mpira motero nthawi 3,289, ndipo owaposa ndi mmodzi yekha, a Hakeem Olajuwon a ku Nigeria. Kanai konse anasankhidwa kukhala wochinga woposa onse m'bungwe la NBA. Mu 1996 timu ya Atlanta Hawks inawapatsa pangano la zaka zisanu la madola 55 miliyoni. Anasiya mpira mu 2009 atavulala bondo, ali ndi zaka 42.

Cimene cinalongosola njira ya ndalama zao ndi imfa ya amai ao, a Biamba Marie. Iwo anadwala mwadzidzidzi ku Kinshasa pa nthawi ya cipwirikiti ca nkhondo, pamene kuyenda usiku kunali koletsedwa, ndipo anamwalira osalandira thandizo la cipatala. Aliyense wa ife amene ananyamulapo wodwala pa ngolo usiku, kulinga ku Minga kapena ku boma la Petauke, akudziwa kuwawa kwace. Kusiyana kwace nkwakuti mwana wa a Biamba Marie anali ndi cuma ca mamiliyoni ku America, koma cumaco sicinathe kufupikitsa njira usiku umenewo.

A Mutombo anali atakhazikitsa bungwe lao lacifundo mu 1997, ndipo anatsimikiza mtima kumanga cipatala ku Masina, dera la anthu osauka mu mzinda wa Kinshasa. Nchitoyi inadya madola 29 miliyoni. Mwa ndalamazi, madola 15 miliyoni anacokera m'thumba mwao, ndipo zotsalazo anacita kupempha kwa anzao osewera ndi anthu ena akufuna kwabwino. Panapita zaka pafupifupi khumi, iwo akuthamanga m'bwalo kwinaku akugogoda pa makomo a anthu olemera. Cipatalaco cinatsegulidwa mu 2007 ndipo anacicha dzina la amai ao. Munthu amene analephera kukhala dokotala anakhala wolemba nchito madokotala.

Pa malonda, si zonse zinawayendera bwino, ndipo sitingabise. Lipoti la bungwe la United Nations la mu 2011 linachula dzina lao pa nkhani ya golide. Linati iwo ndiwo anakopa wamalonda wina wolemera wa ku Houston kuti aikepo ndalama zogulira golide wocokera ku Congo. Malondawo anathera ku Goma mu February 2011, kumene ndege ya ogulawo inagwidwa, ndipo mamiliyoni a madola anatayika, ena m'manja mwa mkulu wa asilikali Bosco Ntaganda. A Mutombo sanazengedwe mlandu, koma dzina lao linadetsedwako. Ife tiona kuti anapupuluma: anakhulupirira anthu apakati pa katundu amene mwini wace weniweni sanali kudziwika.

Patapita zaka khumi anabwerera ku malonda ndi mbeu ya m'munda. Mu 2021 anayambitsa kampani ya Mutombo Coffee, yogula khofi makamaka kwa alimi acikazi a ku Congo ndi maiko ena a mu Africa, ndi kukamgulitsa ku America. Iwo anaona kuti amai ndiwo amalima, kupalira ndi kukolola, koma phindu lalikulu limatsalira kwa ogula apakati. Mlimi wa nsawawa kapena thonje wa ku Petauke ndi ku Nyimba, amene anagulitsapo zokolola zace pa sikelo ya wamalonda woyendayenda, safunika kumuuza zambiri pa mfundo imeneyi. Dzina limene linachuka m'bwalo ndilo linali kutsegula msika wa khofi wa amai aja.

Malonda a khofi anali akali aang'ono pamene madokotala anawapeza ndi cotupa ca mu ubongo mu 2022. A Mutombo anamwalira ku Atlanta pa 30 September, 2024, ali ndi zaka 58.