Tawakkul Siyiletsa Kukonzekera Ngozi

Mu khutba ya Jumu'a ino takambapo za ana athu a m'sukulu za sekondale ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Ife a m'mbali mwa nyanja ngozizi sitimangozimva pa wailesi. Chivomezi chinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu 2009. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anafika ku Mangochi ndi ku Machinga. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 600, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya othawa madzi. Mu 2024 nyanja yeniyeniyo inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu.

Ena mwa ife amati kukonzekera n'kusakhulupirira Qadar. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mneneri Nuh (Alayhi Salaam) anakhoma chombo mvula isanagwe, uku anthu ake akumuseka. Mneneri Yusuf (Alayhi Salaam) analangiza mfumu ya ku Iguputo kusunga chakudya kwa zaka 7 za zokolola zambiri, njala isanafike. Kodi alipo pakati pathu amene amatsamira mwa Allah kuposa aneneri amenewa? Iwo anagwira ntchito ndi manja awo, zotsatira zake n'kuzisiya kwa Mwini mphamvu zonse.

N'chifukwa chiyani tikuloza ana a sekondale? M'mabanja ambiri iwo ndi amene amatha kuwerenga chenjezo la a zanyengo pa foni n'kulimasulira m'Chiyao kapena m'Chichewa kwa agogo awo. Ndi iwonso amene amawoloka mitsinje m'mawa ndi madzulo nthawi ya dzinja. Choncho mwana wa Fomu 1 adziwe kuti madzi othamanga, ngakhale olekeza m'mawondo, amagwetsa munthu wamkulu, ndiponso kuti mtsinje ukhoza kudzaza pamene kwathu kuno sikunagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumapiri. Kuchedwa m'kalasi si tchimo. Adikire madzi aphwe. Adziwe malo okwera kumene banja lidzakumane, ndipo ziphaso ndi masatifiketi azisunge m'pepala la pulasitiki. Chivomezi chikachitika ali m'kalasi, abisale pansi pa desiki, chikaleka atuluke n'kutalikira makoma.

Madzi akaphwa, ngozi imakhala isanathe. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini. Ife amene timasamba m'manja pa udhu tsiku ndi tsiku tisaiwale sopo tikachoka kuchimbudzi.

Mawu olemera tawasungira makolo. Mwana akabwera ndi uthenga woti tisamuke, tisamudule ndi mawu akuti "wadziwa liti iwe?" Tipemphenso makomiti a mizikiti ndi aphunzitsi a madrasa kuti, mvula ya Novembala isanayambe, akhale pansi ndi achinyamatawa ndi kulemba nyumba za okalamba, amayi oyembekezera ndi olumala, kuti aliyense wa iwo akhale ndi womunyamula tsiku la ngozi.