Ululu wa siza si ulesi, tiwamvetse amayi

Kwathu ku Karonga mayi akabereka kudzera mu opaleshoni, ija ambiri timangoti siza, mawu amene amamva kawirikawiri ndi akuti "limba mtima, ndiwo uzimayi". Ine mawu amenewa amandinyansa. Siza ndi opaleshoni yaikulu: dokotala amang'amba khungu, kudutsa m'kati mwa mimba mpaka kutsekula chiberekero. Kuti bala lipole bwino pamatenga masabata pafupifupi 6.

Ndiye taganizani, mayi watuluka kumene pa chipatala cha boma cha Karonga, kwawo ndi ku Wovwe kapena ku Kaporo. Ulendo wake ndi wa minibasi, kenako kabaza m'mabampu. Akafika, mtsuko ukumudikira, nawo mpunga kumunda sudziwa zoti wina ali ndi bala.

Ululu umenewu uli ndi mankhwala. Achipatala amakonda kupereka Panado ndi Brufen, ndipo onsewa woyamwitsa atha kumwa. Chinsinsi chake n'kumwa pa nthawi imene anena, osadikira kuti mpaka ululu ufike pomuliza. Brufen amafuna m'mimba muli chakudya. Zogula mapiritsi osadziwika pagolosale kapena kupaka zitsamba pabala, chonde ayi.

Palinso tinthu tosalira ndalama. Kuyenda pang'onopang'ono pakhomo kumathandiza kuti magazi asaundane m'miyendo. Potsokomola kapena kuseka, atsamize pilo pabala. Podzuka, ayambe wagonera chammbali. Asanyamule cholemera kuposa khanda lakelo. Ndi kutentha kwa kuno kunyanja thukuta silichedwa, choncho bala lizikhala loyera ndi louma.

Koma ululu wina ndi chenjezo. Ukamakulirakulira m'malo mochepa, thupi likatentha, bala likatupa, kutuluka mafinya kapena fungo, magazi akamatuluka ambiri, mwendo ukatupa kapena mutu ukamawawa kwambiri, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mukukayika, foni muli nayo m'manjayo ikuthandizeni: imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, mulankhule ndi azaumoyo.

Anyamata anzanga ndi inu alamu, kuika chithunzi cha khanda pa WhatsApp n'kosavuta. Chikondi chenicheni n'kutunga madzi, kuchapa matewera ndi kudzuka usiku kumupatsira mayi mwana kuti ayamwe. Apongozi nawonso tiwauze mwaulemu kuti mpunga ungadikire, koma bala likaphulika ndi ulendo wina wa kuchipatala.