Temu Yachitatu ya Sitandade 7: Ana Akuphunzira Chiyani?

Ana ena amene timawalandira mu Fomu 1 amavutika ndi zimene anaziphonya ali Sitandade 7, makamaka m'temu yachitatu. Temuyi imagwa m'miyezi ya mwera ndi yokolola mpunga, pamene ana ambiri kuno ku Ngala amajomba.

Iyi ndi temu yomalizitsa ntchito ya chaka. M'Masamu amaphunzira maperesenti, phindu ndi kuluza, mawerengedwe omwewo amene wogula usipa padooko amachita tsiku lililonse. Sayansi imawafotokozera mmene likodzo limafalikira kudzera mu nkhono zam'madzi komanso mmene udzudzu umafalitsira malungo. Zaulimi zimakhudza nthaka, mbewu ndi kasungidwe ka zokolola. Maphunziro a mbiri ndi zachilengedwe amathandiza mwana kumvetsa dera lathu: nyanja, mtsinje wa Bua, ndi Nkhotakota wa nthawi ya ma Jumbe. Kupatula Chichewa, zonsezi zimaphunzitsidwa m'Chingerezi, choncho mwana wojomba amatsalira pawiri: m'phunzirolo ndi m'chilankhulo.

Chaka chamawa ana omwewa adzalemba mayeso a MANEB a Sitandade 8, ndipo mafunso ena amachokera m'ntchito ya makalasi apambuyo.

Tikupempha makolo kuti m'masiku a sukulu musatume ana kunyanja kapena kudimba. Madzulo muziona makope awo. Akomiti tithandizeni kuti nthawi ya madrasa isamawombane ndi ya kalasi. Kufunafuna maphunziro ndi udindo wa Msilamu aliyense, mnyamata ndi mtsikana yemwe.