Selo yakale si yonse ili chuma: wogula ayang'ane mano, kumbuyo ndi chidindo

MUALADZI — M'masutikesi achitsulo a m'nyumba zina za ku Mualadzi, m'distrito ya Chifunde, mukadali makalata akale amene anapulumuka ku moto wa nkhondo, chiswe ndi mvula. Ena analembedwa ndi amuna amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Rhodesia ndi m'migodi ya ku Joni, ena anachokera kwa abale amene anathawira ku Malawi ndi ku Zambia mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 usanabwere. Pakona ya envelopu iliyonse pali kapepala ka mano m'mphepete kotchedwa selo, kamene a tsidya lina la malire amakatcha sitampa.

Boma linathetsa kampani ya Correios de Moçambique m'chaka cha 2021, ndipo mauthenga ambiri tsopano akuyenda pa foni. Koma m'mizinda ngati Lisboa ndi London muli anthu amene amasonkhanitsa maselo akale ndi kuwagula, ena pa mtengo waukulu. Munthu akamva zimenezi akhoza kutaya ndalama za fodya pogula selo yopanda pake ndi chiyembekezo chodzaigulitsa, kapena kugulitsa yabwino pa mtengo wa mchere. Onse awiri amagwa pa chinthu chimodzi, kuganiza kuti ukale ndiwo mtengo.

Mtengo wa selo umachokera pa zinthu ziwiri: kusowa kwake ndi mmene yasungidwira. Maselo a nkhope ya Mfumukazi Elizabeth a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi ambiri a Mozambique a nthawi ya atsamunda, anasindikizidwa ochuluka kwambiri, kotero kuti ngakhale apitirira zaka 60 ambiri mwa iwo mtengo wake ndi wochepa.

Tete nayo inali ndi maselo akeake

Ambiri sadziwa kuti dzina la Tete linalembedwapo pa selo. Ufumu wa ku Portugal utagwa m'chaka cha 1910, maselo otsala a chikumbutso cha ulendo wa Vasco da Gama, amene anakonzedwera Macau, Timor ndi maiko a Apwitikizi a mu Africa, anadindidwa pamwamba mawu akuti REPUBLICA TETE ndi mtengo watsopano wa masentavo. Izi zinachitika m'chaka cha 1913, ndipo mitundu yake inali 24. M'chaka cha 1914 munatuluka mitundu ina 16 ya chithunzi cha mkazi wogwira chikwakwa, wotchedwa Ceres, kuyambira kota ya sentavo mpaka eskudo imodzi. Pofika cha m'ma 1920 Tete inabwerera ku maselo a Mozambique yense.

Maselo a Tete osagwiritsidwa ntchito amapezeka kwa ogulitsa a ku Ulaya pa mtengo wosaopsa, chifukwa ambiri anapita m'manja mwa osonkhanitsa asanamatidwe pa kalata. Chosowa kwenikweni ndi envelopu yathunthu imene inayendadi, yokhala ndi selo ya Tete, chidindo cha koreyo chooneka bwino, tsiku ndi dzina la wolandira. Ndiye chifukwa chake wopeza kalata yotere asamatule selo yake. Akaimatula wataya umboni wa kumene inachokera, ndipo mtengo umagwa pomwepo.

Chilema cha makina ndi chilema cha manja

Mlimi wa fodya wa ku Chifunde amadziwa kuti tsamba lobooka, lachuku kapena losuluka limatsika giredi ngakhale litachokera m'munda wabwino. Selo nayo imasankhidwa chimodzimodzi, koma pali kusiyana kumodzi: chilema chochokera kwa osindikiza chikhoza kukweza mtengo, pamene chochokera m'manja mwa wosunga chimautsitsa.

Chitsanzo chotchuka ndi cha ku America. M'chaka cha 1918 William Robey anagula ku koreyo ya mumzinda wa Washington pepala la maselo 100 pa madola 24, ndipo ndege yojambulidwa pakati pake inali chadodolido. Patangopita masiku ochepa anawagulitsa madola 15,000, ndipo m'chaka cha 2023 selo imodzi yokha ya pepala limenelo inagulidwa madola 2 miliyoni.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Companhia do Nyassa, imene inalamulira dera la Niassa ndi Cabo Delgado mpaka 1929, inatulutsa m'chaka cha 1901 maselo okongola a kadyansonga ndi ngamira, osindikizidwa ndi Waterlow & Sons ku London. Popeza chithunzi cha pakati ndi mkombero wake zinkasindikizidwa padera, ena anatuluka nyama ili chadodolido. Akatswiri amanena kuti ambiri a maselo otembenuzika amenewa anapangidwa dala kuti agulitsidwe kwa osonkhanitsa, ndipo palinso achinyengo. Motero kadyansonga wa miyendo m'mwamba sayandikira n'komwe mtengo wa ndege ya ku America ija.

Poyang'ana asanapereke ndalama

Wogula ayambe ndi mano a m'mphepete. Dzino limodzi likathothoka kapena kufupika, mtengo watsika. Aonenso ngati chithunzi chili pakati penipeni, chifukwa selo imene chithunzi chake chapendekera mbali imodzi siifunidwa kwambiri.

Kenako aitembenuze ndi kuiunika pa kuwala, osati pa dzuwa loswa mtengo. Pamalo pamene pepala linasupuka pomatula pamaoneka powala kuposa pena. Mzere wopindika, kabowo ka singano, kung'ambika kumene kunamatidwa ndi madontho ofiirira ngati dzimbiri amene amabwera ndi chinyezi, zonsezi zimaonekera kumbuyo. Selo yosagwiritsidwa ntchito iyenera kukhala ndi guluu wake woyambirira. Anthu achinyengo amapaka guluu watsopano, ndipo kawirikawiri amadziwika chifukwa nsonga za mano zimauma ndi kunyezimira.

Pa maselo a Tete a 1913 chofunika kuyang'anitsitsa ndi mawu odindidwa pamwamba, pakuti n'kwapafupi kudinda mawu abodza pa selo yeniyeni. Zilembo ziyerekezedwe ndi za selo yodziwika kuti ndi yoona, pogwiritsa galasi lokulitsa zinthu. Chidindo cha koreyo nacho chifunsidwe: tsiku lake likugwirizana ndi zaka zimene seloyo inkagwira ntchito? Chidindo cha pa envelopu yeniyeni chimayambira pa selo n'kutsikira pa pepala la envelopu popanda kuduka.

Mitengo imalembedwa m'mabuku otchedwa katalogu, monga a Stanley Gibbons, Scott, ndi a Mundifil a ku Portugal. Mtengo wolembedwamo ndi wa selo yopanda chilema ikamagulitsidwa m'sitolo, ndipo wamalonda akamagula kwa munthu amapereka zochepera pamenepo. Selo ya mtengo waukulu imayenda ndi chikalata cha akatswiri oiyesa, monga a Royal Philatelic Society ku London. Wogulitsa amene akutchula mamiliyoni koma alibe chikalata, ndiponso akufulumiza kuti galimoto ya ku Cassacatiza imusiya, ndi wofunika kumukayikira.

Wogulitsa nayenso adekhe

Selo ina yotchuka pa dziko lonse, ya senti imodzi ya ku British Guiana ya chaka cha 1856, ndi yakuda ndi litsiro ndipo makona ake anadulidwa. Inapezedwa m'chaka cha 1873 ndi mnyamata wa zaka 12, Vernon Vaughan, m'mapepala a pabanja pawo, ndipo anaigulitsa mashiling'i 6. M'chaka cha 2021 inagulidwa madola 8.3 miliyoni ku New York. Zilema zake zimakhululukidwa chifukwa ilipo imodzi yokha. Selo imene ili ndi zinzake zikwizikwi siikhululukidwa choncho.

Amene ali ndi makalata akale ku Mualadzi awasunge pouma, kutali ndi utsi wa kukhitchini, mphemvu ndi dzuwa. Asawachape, asawasite, asawamate ndi selotepi, ndipo asagwire selo ndi zala zathukuta. Wina akafuna kugula, mwini kalata ayambe waijambula pa foni ndi kufunsa anthu awiri kapena atatu odziwa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ikapezeka kuti seloyo ndi wamba, kalatayo isatayidwe. Muli dzina la agogo, dzanja lawo, ndi malo kumene anali chaka chimene analemba.